Likulu lathetsa nthambi yathu ya Harare, kodi tikasume?

Bambo wapampando, kalata yanu ndaiwerenga pamodzi ndi kabuku ka malamulo a bungwe komwe munatumiza. Mukuti komiti yaikulu ya bungwe lanu la alangizi a zachuma ndi ogulitsa inshuwalansi yathetsa nthambi zonse, yaika zigawo m'malo mwake, ndipo yalamula kuti ndalama za nthambi ya Harare zipite ku akaunti ya kulikulu. Inu munaitana mamembala pa WhatsApp Lachinayi usiku, Loweruka munakumana ku Highfield, panabwera anthu 23 mwa 80, ndipo munamvana kukana, kugwira ndalamazo ndi kukasuma ku High Court. Mukufunsa ngati mupambana.

Nkhawa yanga ili pa msonkhano wa Lowerukawo.

Kwa bungwe longa lanuli, kabuku ka malamulo ndi pangano limene mamembala onse anadzimanga nalo, ndipo jaji amayambira pamenepo. Kanu kakuti msonkhano wapadera uitanidwe ndi kalata masiku 21 tsikulo lisanafike, kalatayo itchule zokakambirana, ndipo pakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a mamembala olipira. Gawo limenelo la anthu 80 ndi anthu 27. Inu munali 23, oitanidwa kutangotsala usiku uwiri, pa gulu la WhatsApp limene mwavomera nokha kuti a ku Chitungwiza ambiri mulibe. Loya wa likulu sadzavutika n'kuteteza zothetsa nthambi zija. Adzangoimirira n'kufunsa kuti bambo uyu wamutuma ndani.

Funso limeneli lagwetsa milandu yambiri muno. Khoti la Supreme linanena mu 2006, pa mlandu wa Madzivire ndi Zvarivadza, kuti kampani imasuma kudzera mwa munthu amene yamupatsa chilolezo pa msonkhano woyenera, ndipo mu 2019, pa mlandu wa Dube ndi PSMAS, linabwerezanso kuti woimira bungwe akafunsidwa ayenera kuonetsa pepala la chilolezocho. Udindo wokha wa wapampando sukwanira. Msonkhano ukakhala wolakwika, zomwe munamvanazo zimagwa, chilolezo chanu chimagwa nazo, ndipo chikalata chomwe munalumbirira chimatsala chopanda mwini. Ndinaonapo msungichuma wa kabungwe kena ka ku Mufakose atanyamula fayilo ya malisiti a zaka zisanu, iliyonse yomatidwa bwino papepala lake. Anali ndi mlandu wabwino ndithu. Nkhani inatha mphindi khumi zisanakwane, fayilo ija isanatsegulidwe n'komwe, chifukwa kalata yoitanira msonkhano wawo inalibe deti. Ndalama za maloya a mbali inayo zinagwera yemwe anasaina.

Palinso china chobisala pomwepo. Lamulo la kuno limalola bungwe kusuma m'dzina lake ngati lili ndi moyo wakewake: mamembala kusintha ilo likupitirira, ndiponso kukhala ndi katundu wosiyana ndi wa mamembala. M'kabuku kanu mphamvu zimenezi ndaziona zapatsidwa kwa bungwe lonse, za nthambi sindinazipezemo. Choncho mwina njira yosaterera ndi yakuti inuyo ndi anzanu angapo olipira bwino musume m'maina anu ngati mamembala ofuna kuti malamulo a bungwe atsatidwe. Ndikuti mwina, chifukwa loya amene adzagwire fayilo yonse angaone zina.

Mpeni womwewu umachekanso likulu, ndipo apa ndi pamene pali mlandu wanu weniweni. Kalata yawo yandidabwitsa. Yasainidwa ndi mlembi wamkulu yekha, sikutchula msonkhano womwe unagamula, sikutchula ndime ya malamulo, ikungoti zasintha kuyambira pa 1. Anthu ophunzitsa ena kusunga chuma n'kumalemba chonchi! Nthambi zinakhazikitsidwa ndi kabuku komweka, ndipo kabukuka kakuti kusintha ndime iliyonse kumafuna msonkhano waukulu ndi mavoti a magawo awiri mwa atatu. Ngati msonkhanowo sunachitike, komiti yadumpha malire ake. Makhoti a muno saopa kunena zimenezi. Mu Marichi 2020 khoti la Supreme linagamula kuti utsogoleri wa chipani cha MDC unasinthidwa mosatsata malamulo a chipanicho, nanga kuli bwanji bungwe la anthu mazana ochepa. Koma ngati unachitika inu osapitako, nkhani yanu yafooka kwambiri.

Za ndalama, malangizo a alamu anu akuti mutape madola onse mukasunge kunyumba mpaka fumbi litatsika, asiyeni pomwepo. Alamu anuwo sadzagona nanu mchitokosi. Ndalama zosungira anthu ukazigwiritsa mosiyana ndi pangano, apolisi amatsegula mlandu wakuba, ndipo kwa munthu amene ntchito yake imadalira chiphaso cha IPEC (bungwe la boma loyang'anira za inshuwalansi ndi penshoni) kapena SECZ (loyang'anira malonda a masheya), kungotchulidwa kokha kumawononga. Maganizo ochoka m'bungwe n'kunyamula akaunti nawonso muwaganizire kawiri. A mpingo wa Anglican muno mu Harare akudziwa: gulu la Bishopu Kunonga linapatuka mu 2007 n'kugwira matchalitchi, koma mu Novembala 2012 khoti la Supreme linati wochoka amasiya katundu m'mbuyo.

Nthawi nayo sili mbali yanu. Pempho loti High Court iunikenso chigamulo chonga cha likuluchi liyenera kulowa pasanathe masabata asanu ndi atatu, ndipo kalata ya likulu yatha kale masabata atatu. Ngati mukufuna chiletso chamsanga choti ndalama zisasamutsidwe, majaji amatsatirabe mfundo ya mlandu wa Kuvarega wa 1998, yakuti wokhala chete mpaka tsiku litafika sangabwere akufuula kuti ndi zachangu.

Tsono sabata ino lemberani likulu, mupemphe maminitsi, mndandanda wa omwe analipo ndi ndime yomwe anagwiritsa ntchito, muwapatse masiku asanu ndi awiri, ndipo kope yanu aidinde. Kabuku kanu kali ndi njira ya apilo ya mkati, iyambeni lero, poti khoti limakonda kubweza anthu amene sanayese kaye kunyumba. Itanitsaninso msonkhano ndi kalata ya deti, masiku 21 athunthu, kwa membala aliyense ngakhale amene mukudziwa kuti ali mbali ya likulu. Pakhomo pakhale kaundula wosainira, msungichuma atsimikize omwe alipira, ndipo zomwe mudzamvane zitchule dzina la munthu wopatsidwa mphamvu yosuma. Kukambirana kukhale m'Chichewa kapena m'Chishona momwe mwazolowera, koma maminitsi alembedwe m'Chingerezi kuti musadzafunenso womasulira. Banki ilembereni kuti pali mkangano pa akauntiyo, ndipo musasinthe osainira. Loya mumuone msonkhanowo usanafike, chifukwa masabata asanu ndi atatu aja sadikira masiku 21 anu.