Bulu akauma khosi: mayankho kwa eni ngolo ndi osamalira akavalo

Nyengo yotuta ikafika abulu sapuma. M'mawa chimanga, masana njerwa, madzulo mchenga wa kudambo, ndipo mafunso omwe amandipeza miyezi imeneyi amakhala ofanana. Lalitali ndi la bambo wina wa ngolo wa kufupi ndi Mitundu. Akuti: "Bulu wanga wamkazi wayamba kukana kukhotera kumanja. Ndikamukoka amatembenuka thupi lonse ngati thabwa, ndikamugwira pakhosi amagoneka makutu kumbuyo. Ndi mwano kodi? Mwana wanga anaona pafoni azungu akusisita akavalo mpaka kavalo kuyasamula, ndiye akuti tiyese."

Bambo, si mwano umenewo, ndipo chikwapu chikhale kaye pansi. Bulu ndi nyama yobisa ululu. Kavalo akamva kuwawa amadumphadumpha, aliyense n'kuona, koma bulu amangoima duu, mwini wake n'kumati ndi waulesi. Akafika pogoneka makutu chifukwa chongomukhudza, ndiye kuti pakhosipo pakhala pakupweteka kwa milungu.

Ndisanafike pa zosisita, ndikufunseni: mumamumanga chiyani pokoka ngolo? Ngati ndi goli la ng'ombe, gwero la vuto talipeza. Ng'ombe zathu zili ndi linunda pomwe goli limatsamira. Bulu alibe. Mphamvu yake yokokera ili pachifuwa ndi m'mapewa, ndiye goli likamukhala pakhosi amakoka ataumitsa minofu yonse kuyambira kuseri kwa makutu mpaka pamapewa, tsiku ndi tsiku, kulemera kwa mtengo wa ngolo kuli pomwepo. Minofu yotere imazolowera kukungika, moti ngakhale mutamumasula usiku simasuka. Komanso ngati nthawi zonse amakhala mbali imodzi ya ngolo, mbali imodzi ya khosi ndi imene imauma kwambiri, n'chifukwa chake akukana kumanja kokha. Mupezereni lamba wa pachifuwa, wotambalala ngati chikhatho, wa kanivasi kapena nsalu yolimba, woikira chiguduli chofewa mkati. Waya ayi, chingwe cha nayiloni ayi, thumba la feteleza ngati chophimba ayi chifukwa limapala khungu. Muziwasinthanitsa mbali abulu anuwo. Onaninso ziboda: zikatalika kapena kupindika, bulu amaponda mokhota ndipo msana ndi umene umalipira. Mukasisita madzulo koma m'mawa n'kubwezera goli lomwe lija, mukutunga madzi ndi dengu.

Tsopano zimene mwana wanu anaona. N'zoona, zilipo, ndipo kwawo ndi ku America. Mayi Linda Tellington-Jones anaphunzira mu 1975 kwa Moshe Feldenkrais, yemwe ankaphunzitsa anthu kumasula thupi poyendetsa ziwalo pang'onopang'ono, ndipo mayiwo anatengera nzeruyo kwa akavalo, njira yomwe imadziwika kuti TTouch. Kenako kunabwera Jim Masterson, yemwe ankasamalira akavalo a mipikisano, ndi njira yotchedwa Masterson Method. Onsewa anayambira pa akavalo, koma bulu ndi kavalo ndi pachibale, mafupa a khosi ndi 7 onse, ndipo mapewa awo anamangidwa mofanana. Alibe fupa lolumikiza mwendo wakutsogolo ndi thupi ngati lomwe ife tili nalo pansi pa khosi. Chifuwa chimangolendewera pakati pa miyendo iwiri pa minofu yokhayokha. Minofuyo ikauma, mayendedwe onse amafupika.

Chomwe chimavuta alimi athu ndi ichi: njira ya Masterson, yomwe ndikufotokoza apa, si yotikita. Ife tikamva zoti minofu yamangika timaganiza zokanikiza ndi chala chachikulu monga timachitira munthu akabinya mwendo. Mukatero kwa bulu, iye amaumitsa thupi kuti adziteteze, ndipo mwawonjezera chomwe mumafuna kuchotsa. Masterson amayerekeza mphamvu ya dzanja ndi zinthu za kukhitchini. Yochepetsetsa ndi yongokhudza nsonga za ubweya. Yotsatira ndi yoti mutakhudza nayo chikasu cha dzira sichingaphulike. Ntchito yambiri imachitika pa ziwiri zimenezi.

Chitani madzulo, atamwa madzi, pamthunzi popanda agalu ndi ana othamanga. Wina amugwire chingwe molekerera, osamumangirira pamtengo mothina. Imani pambali pa phewa lake, osati kutsogolo kwenikweni kapena kumbuyo. Ikani nsonga za zala ziwiri kuseri kwa khutu, n'kumaziyendetsa motsata khosi, zala ziwiri kapena zitatu kutsika kuchokera pomwe pamera manyenje, kudutsa pamwamba pa phewa, motsata msana koma osati pafupa penipeni, mpaka pathako. Liwiro lake likhale la nyerere yonyamula katundu. Maso anu asakhale padzanja, akhale pa diso la bulu. Mukafika pena pake mudzaona akuphethira mofulumira, kapena mlomo wam'munsi ukunjenjemera. Pamenepo imani. Osakanikiza, osazunguliza, ingosiyani zala pomwepo n'kudikira. Mwina masekondi 10, mwina mphindi yathunthu. Eni njirayi amati mzere umenewu ndi wa m'chiphunzitso cha mankhwala a ku China. Ine za mzerewo sindilimbana nazo, chomwe ndaona n'chakuti umadutsa pa minofu yonse yomwe goli ndi katundu zimavutitsa.

Ndinachitapo izi pa bulu wina wotuwa, wokalamba, wokhala ndi chipsera chopanda ubweya pakhosi. Mwini wake anaima poteropo manja m'thumba akuseka, ati alangizi ayamba kupempherera abulu. Zala zanga zitafika chapakati pa khosi diso linaphethira katatu. Ndinadikira. Buluyo anayamba kugwedeza mutu, kupalasa pansi, kuyang'ana kumbali ngati akufuna kuchoka, ndipo apa m'pomwe ambiri amasiyira poganiza kuti zalephereka. Ndinapepukitsanso dzanja. Kenako anatulutsa mpweya wautali m'mphuno, n'kuyamba kunyambita milomo ndi kutafuna m'kamwa mulibe kanthu, mutu n'kutsika mpaka m'mawondo. Anayasamula kawiri, mano achikasu onse pamtunda. Mwini wake anatulutsa manja m'thumba.

Zizindikiro zimenezo zikaoneka, chokani pang'ono, mupatseni mpata, kenako pitirizani pomwe munalekera. Mukamaliza mbali imodzi pitani inayo.

Za kukhota kumanja zija. Imani kumanja kwake, dzanja limodzi pamphuno mopepuka, linalo pakhosi kuseri kwa chibwano. Kokerani mphuno kwa inu pang'ono chabe, kagwedezeni pang'ono, lekani. Tsitsani dzanja la pakhosi mtunda wa chikhatho chimodzi, kokeraninso mphuno mopitirira pang'ono, gwedezani, lekani. Muzitero mpaka kufika paphewa. Akalimba, inu fewetsani dzanja. Musapikisane naye, chifukwa khosi la bulu simungaligonjetse ndipo si cholinga. Mukufuna kuti fupa lililonse la khosi liyende pang'ono minofu ili yolekerera, kuti thupi lizindikire kuti kukhotako sikupwetekanso. Yambani ndi mbali yosavuta, yakumanzere, kuti adziwe chomwe mukupempha.

Mwendo wakutsogolo nawo: unyamuleni ngati mukufuna kuona chiboda, dzanja lina pansi pa bondo, muutsogoze kutsogolo pang'ono n'kuugwirizira mpaka mumve ukulemera m'manja mwanu. Kulemerako ndi chizindikiro choti wasiya kuugwira ndi phewa. Utsitseni pansi pang'onopang'ono, osauponya. Mphindi 15 kapena 20 zakwana, kawiri kapena katatu pa mlungu, ndipo tsiku lotsatira ulendo woyamba ngolo ikhale yopepuka. Ngati n'kotheka apume masiku angapo akuyenda yekha kubusa. Kumulola kugubuduka pafumbi akamasulidwa kumathandizanso, musamamuthamangitse.

Mayi wina wa ku Dowa akufunsa mwachidule: "Bulu wathu wauma thupi lonse kuyambira dzana, akuyenda ngati miyendo ndi mitengo, sakudya bwino. Timusisite?"

Ayi mayi, thamangani mukaitane alangizi a ziweto lero lomwe. Kuuma komwe tikukamba pamwambapa kumabwera pang'onopang'ono ndipo bulu amadya bwinobwino. Kuuma kwadzidzidzi kwa thupi lonse, makutu ali njo, mchira utatukuka, nsagwada zikukanika kutseguka, kakhungu ka m'kona mwa diso kakuphimba diso akadzidzimuka, kumeneko ndi kafumbata. Amalowera pabala, nthawi zambiri la goli kapena msomali wa kuchiboda, ndipo abulu ndi akavalo amagwidwa naye msanga kuposa ng'ombe. Muikeni pamdima pachete podikira thandizo, chifukwa phokoso ndi kumugwiragwira kumayambitsa kukokana. Katemera wake alipo, funsani za abulu otsalawo.

Pali zinanso zomwe dzanja silingathe. Bulu wosiya kudya ngakhale tsiku limodzi ndi wodwala kwambiri, mafuta atha kudzadza m'magazi ake, chiwindi n'kuonongeka. Wotsimphina mwendo umodzi, chiboda chotentha, malo otupa, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pa ntchito yolemetsa, kapena thupi lotentha kupitirira madigiri 38 kwa bulu wamkulu, zonsezi n'za dokotala wa ziweto. Pabala losapola musasisitepo. Litsukeni ndi madzi owiritsa othira mchere, supuni yaing'ono pa theka la lita, ndipo oyilo wakutha wa galimoto asayandikire. Ndikudziwa kuti ambiri mumathira, ndaona mabala akuda bii pamsika, koma oyiloyo amaotcha mnofu womwe ukufuna kumera.

Funso lomaliza ndi la mnyamata wosamalira akavalo okweredwa ndi alendo. Kuno akavalo ndi ochepa, amapezeka malo ngati ku Kande m'mbali mwa nyanja, koma vuto lake ndi lenileni: kavalo wake amabonyeza msana akamuika chishalo. Achimwene, yambani mwaona chishalocho. Chikachotsedwa pambuyo pa ulendo, thukuta likhale lofanana mbali zonse. Pakakhala malo ouma pakati pa thukuta, kapena ubweya woyera wayamba kumera pamenepo, chikumufinya. Alendo osadziwa kukwera amagunda pamsana ngati thumba la chimanga, ndiye kavalo wa ntchito yanuyo amafunika chisamaliro choposa wa mwini mmodzi.

Zonse ndauza bambo a ku Mitundu zigwira ntchito kwa inu, ndipo kavalo amaonetsa zizindikiro msanga kuposa bulu. Onjezani kumunyengerera ndi karoti. Ataima miyendo yofanana, atayendako kaye mphindi zingapo kuti thupi lifunde, mutsogozeni ndi karotiyo kuti chibwano chifike pachifuwa, kenako pakati pa mawondo, kenako pansi pakati pa miyendo. Mukatero m'mbali: pomwe pamadutsa lamba wa chishalo, panthiti zomaliza, kenako cholozera mwendo wakumbuyo. Paliponse akhalepo masekondi angapo asanalandire karoti. Ubwino wake ndi woti amadzitambasula yekha, sangapitirire pomwe pakupweteka. Ku Michigan State University, Narelle Stubbs ndi Hilary Clayton anayesa zimenezi pa akavalo 8, masiku asanu pa mlungu kwa miyezi itatu, ndipo zotsatira zomwe anatulutsa mu 2011 zinaonetsa kuti timinofu takuya togwira mafupa a msana tinakula ndi kufanana mbali zonse ziwiri. Karoti muzidula motalika, osati mozungulira, kuti zala zanu zitalikirane ndi mano komanso kuti asatsamwe, ndipo ngati ndi kavalo wokonda kuluma valani magolovesi achikopa.