Hilux yanu musaikweze kaye, yambani ndi matayala

Bambo wina wa ku Chilomoni anditumizira imelo. Agula Toyota Hilux ya double cab yogwiritsidwa kale ntchito, ya injini ya 2.5 D-4D, ndipo amapita nayo kumunda kwawo ku Neno, nthawi zina kukaona abale ku Chikwawa. Anzawo akuwakakamiza kuti aiikire lift kit (zipangizo zokwezera galimoto), matayala a mud-terrain (a m'matope), bull bar (chitsulo chotchinga kutsogolo) ndi snorkel (paipi yokokera mpweya wa injini kuchokera pamwamba). Ndalama zilipo zochepa, ndiye akufunsa kuti ayambire pati.

Bambo, yambirani pomwe galimoto imagunda dothi. Matayala a mud-terrain amaoneka aukali, koma inu mumakhala mu Blantyre, ndipo ngakhale ulendo wa ku Neno mumayenda pa tala mtunda wautali kudutsa Lirangwe ndi Zalewa. Pa tala matayala amenewa amalira, amatha msanga, amamwetsa dizilo, ndipo mvula ikagwa sagwira msewu bwino. Gulani a all-terrain (oyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe) olimba m'mbali, chifukwa miyala ya misewu yafumbi imang'amba tayala cham'mbali. Mugule asanu, kuphatikizapo la sipeya.

Pa za kukweza galimoto, pali chinthu chomwe ogulitsa lift kit satchula. Pansi pa pikapu, malo otsika kwambiri ndi difu yakumbuyo (chibokosi cha magiya chapakati pa matayala akumbuyo), ndipo lift kit siikweza difuyo ngakhale pang'ono. Imakweza thupi la galimoto basi. Chomwe chimakweza difu ndi tayala lalikulu. Mwachitsanzo, kuchoka pa tayala la saizi 265/65R17 kupita pa 265/70R17 kumakukwezerani mamilimita pafupifupi 13, ndipo speedometer imayamba kuonetsa liwiro locheperapo kuposa lenileni ndi 3 peresenti. Apolisi a speed trap sadzamva zoti vuto ndi matayala.

Mukakweza kutsogolo kupitirira mamilimita 50, ma CV joint (mfundo zopititsa mphamvu ku matayala akutsogolo) amagwira ntchito atapindika, mphira zake zimang'ambika, kenako mwayamba ulendo wosatha wa ku Limbe kukasaka zipangizo. Galimoto yokwezedwa imapendamanso kwambiri pokhota, ndipo makhotolo a phiri lotsetserekera ku Chikwawa simufuna kuwatsika ndi galimoto yoyendera mbali itanyamula katundu. Ine ndikanaika ndalamazo pa ma shock atsopano ndi masipuling'i akumbuyo. Galimoto yakale masipuling'i ake amakhala atafooka kale, ndipo mukaikamo matumba khumi a feteleza a makilogalamu 50, kumbuyo kumakhala pansi. Kukonza zimenezo kokha kumabwezeretsa msinkhu womwe galimotoyo inali nawo ikuchoka ku fakitale.

Bull bar iyembekeze. Ndi yolemera, ndipo ma bull bar owotcherera m'mbali mwa msewu amatha kusokoneza ma airbag. Chitsulo chotchinga pansi pa injini ndicho chofunika, chifukwa mwala umodzi ukaboola sampu (mosungira oyilo pansi pa injini), oyilo yense wathera panjira.

Snorkel ndi yabwino, makamaka m'chilimwe, poti imakoka mpweya pamwamba pomwe fumbi ndi lochepa. Koma siisandutsa Hilux bwato. Madzi amalowabe m'difu kudzera pa timabowo topumira, choncho mukawoloka mtsinje muziona oyilo wa difu. Akakhala woyererako ngati tiyi wamkaka, asinthidwe tsiku lomwelo. Mtsinje wosefukira usawolokedwe konse. Tonse tinaona zomwe madzi anachita ndi misewu ndi milatho nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023.

China chomwe chili chaulere: 4H, yomwe imayendetsa matayala onse anayi, ndi ya matope, mchenga ndi fumbi. Hilux yanu ilibe difu yapakati, ndiye mukaiwala 4H pa tala wouma, magiya amakokana mpaka china chithyoke. Mukangofika pa tala, bwererani ku 2H, yoyendetsa matayala akumbuyo okha.

Chilichonse chachikulu chomwe mungasinthe, auzeni a inshuwalansi kudzera m'kalata, ndipo funsani ku Road Traffic ngati sichidzakuvutitsani pa COF musanalipire makaniko.