Kwa achemwali amene mwasankhidwa kukaphunzira uinjiniya

Achemwali, mwafunsa ngati mupite kukapanga electrical engineering poti abale akukuopsezani kuti ndi za amuna ndipo masamu ake mukagwa nawo. Pitani. Ine ndinadutsa momwemo, ndipo chimene akukuopsezani nachocho si chimene chimafooketsa atsikana ambiri.

Masamu ndi ovuta inde, calculus ndi circuit theory zimaliza aliyense, ngakhale anyamata amalemba sapu (mayeso obwereza ukalakwa). Kungoti mnyamata akalakwa anthu amati pepala linali lovuta, mtsikana akalakwa amati tinanena ife, ndiye umayamba kuopa ngakhale kukweza dzanja m'kalasi poganiza kuti funso lako likakhala lopepera wachititsa manyazi atsikana onse. Zimenezo zichotseni m'mutu msanga, muzifunsa basi.

Nkhani yeniyeni ili mu labu ndi m'magulupu. Akakugawani asanu asanu mtsikana uli wekha, anyamata athamangira kale pa breadboard (kabolodi kolumikizirapo mawaya), wina watenga multimeter (choyezera magetsi) wina soldering iron (chowotcherera mawaya), kenako mmodzi akutembenuka mwaulemu ndithu, "sisi inu mumalemba bwino, muzilemba ma reading, lipoti mutayipenso inu." Palibe wakutukwana, mwinanso umva ngati akukuyamikira. Malikisi mupeza ofanana koma pakutha semesita anzako manja azolowera zipangizo iwe chomwe wadziwa ndi kukonza matebulo mu Word, ndiye ukapita ku attachment (kukaphunzira ntchito ku kampani) akakupatsa waya kuti ulumikize manja ali njenjenje, nkuyamba kuganiza kuti mwina abale aja ankanena zoona pomwe vuto ndi lakuti sunagwirepo. Si ine ndekha ndikutero ayi. Susan Silbey wa ku yunivesite ya MIT ku America ndi anzake anatsatira ophunzira uinjiniya m'makoleji anayi ku America ndipo zomwe anatulutsa mu 2016 ndi zomwezi, atsikana amakankhidwira ku ntchito zolemba ndi zolongosola, anyamata nkumagwira za uinjiniya zenizenizo.

Ndiye tsiku loyamba lomwelo nenani kuti zolemba tizisinthana, lero ine ndilumikiza circuit. Mukapsereza resistor (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi) palibe kanthu, aliyense anapserezapo, fungo lake mudzalizolowera. Ena adzati ndinu ovuta, asiyeni.

Zina ndi zing'onozing'ono koma zimatopetsa. Ovolosi ndi jombo nthawi zambiri zimabwera za saizi ya amuna, magolovesi zala zake kutsala, ndipo chovala chokhwepa pafupi ndi makina ndi ngozi, choncho musachite manyazi kupempha saizi yanu. Pezaninso atsikana a chaka chachitatu kapena chachinayi, iwowo ndi amene amadziwa ma past paper komanso lecturer amene simuyenera kupita nokha ku ofesi kwake. Wina akayamba kutumiza mameseji osadziwika bwino usiku, musafufute, sungani ma screenshot mukanene.

Abalewo akalimbikira kuti za magetsi ndi za amuna, auzeni za Edith Clarke. Anatenga masters ya electrical engineering ku MIT mu 1919, poyamba ntchito ya uinjiniya sanaipeze chifukwa choti ndi mkazi, koma anadzakhala injiniya ku kampani ya General Electric ndipo mu 1947 anayamba kuphunzitsa zamagetsi zomwezo ku University of Texas. Panopa poyembekezera kutsegulira, bwerezani trigonometry ndi algebra, chaka choyamba zimenezi zidzakuthandizani kwambiri.