Yankho langa kwa mlamu pa nkhani ya madzi m'machubu

Mlamu wanga, ndamva uthenga wanu. Kulemba kungandichedwetse, bola ndingoyankhula, ndipo poti m'gulu muno tilimo amayi okhaokha, ndinena mosabisa. Mwati adokotala atakuunikani apeza kuti chubu chimodzi chadzaza madzi, chinacho sakuchiona bwino, ndiye akuti mwina achotse chodwalacho. Funso lanu ndi lakuti, akachotsa, mphatso mudzaipezanso?

Choyamba mtima pansi. Chubu si chiberekero ayi. Machubu ndi tinjira tiwiri, kumanja ndi kumanzere, momwe dzira limadutsa n'kukumana ndi mbewu ya abambo lisanakakhale m'chiberekero. Akachotsa chubu, chiberekero chimatsala, kopangira mazira kuja kumatsalanso, ndipo kumwezi muzipitabe ngati kale.

Vutoli pa pepala lanu alemba hydrosalpinx. Chubu chimatsekeka kumapeto kwake, madzi n'kusowa potulukira, basi chimatupa. Kawirikawiri chimayambitsa ndi matenda amene analowa m'njira yoberekera kalekale, monga chinzonono kapena chlamydia, amene amatha kukhala mwa mayi mwakachetechete osamva kanthu. Koma pasapezeke wina wolozana chala pano. Zimabweranso munthu akapita padera kapena akachira ndiye m'kati munalowa tizilombo, akachitidwa opareshoni ya m'mimba, ngakhale ndi TB. Likodzo nalo limatha kuwononga machubu, ndipo ife tonse tinakulira m'madzi a kunyanja, choncho adokotala muwauze zimenezo.

Tsono mvetsetsani apa. Madzi aja samangokhala phee m'chubumo, amadonthera m'chiberekero. Zili ngati kubzala chimanga pamene madzi akudutsa, mbewu siigwira. Ndiye ngakhale chubu chinacho chili bwinobwino, mimba imavuta kukhazikika, kapena ikakhala imachoka. Ngakhale kwa amene akuchita IVF, njira yokumanitsa dzira ndi mbewu ya abambo kunja kwa thupi, madziwa amadula mwayi pafupifupi ndi theka. N'chifukwa chake adokotala akunena zochotsa. Si nkhanza ayi. Alipo amayi amene atachotsedwa chubu chodwala anaima mwachibadwa ndi chimodzi chotsalacho.

Ndiye chofunika kwambiri panopa ndi kudziwa za chubu chachiwiricho. Sikani yokha siikwanira. Pali kuunika kotchedwa HSG, amathira mankhwala amadzi kudzera pakhomo la chiberekero n'kujambula pa X-ray kuti aone ngati akudutsa. Amachita mukangomaliza msambo, ndipo m'mimba mumapota ngati cham'mimba cha msambo, koma n'kanthawi kochepa. Mufunse zimenezi musanavomere opareshoni iliyonse. Ku zipatala zazikulu ngati Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe kuli madokotala a za amayi, pemphani kalata yokutumizani kumeneko.

Njira ina ndi opareshoni yotsegula chubu m'malo mochotsa. Imathandiza ngati chubu sichinawonongeke kwambiri. Koma chikakhala chotupa zedi, m'kati mwake timaubweya tokankha dzira timakhala titafa kale, ndiye mwina chimatsekekanso, mwinanso mimba imakakhala m'chubu momwemo. Imeneyo ndi yoopsa mlamu, chubu chimaphulika munthu n'kutaya magazi m'kati. Choncho tsiku limene mudzaone kuti mwaima, musadzadikire, mukapite ku sikani pa masabata 6. Ndipo mukadzamva kupweteka kwambiri mbali imodzi, kapena chizungulire, kapena magazi, muthamangire kuchipatala ngakhale pakati pa usiku.

Nanga machubu onse awiri akapezeka owonongeka? Apo njira yake ndi IVF. Amatenga dzira lanu, kulikumanitsa ndi mbewu ya amuna anu kunja kwa thupi, kenako n'kuliika m'chiberekero, chubu sichifunikanso. Mwana woyamba wobadwa mwa njirayi, Louise Brown, anabadwa ku England mu 1978, ndipo vuto la mayi ake linali la machubu lomweli. Asanayambe, amachotsa chubu chamadzicho kapena kuchimanga pafupi ndi chiberekero kuti madzi asadutse. Ena amangopopa madziwo ndi singano, koma nthawi zambiri amabwereranso. Sindikunamizani, IVF ndi yodula, anthu ambiri akwathu amakachitira ku South Africa kapena ku India, ndipo si nthawi zonse imatheka ulendo woyamba. Zikafika pamenepo tidzakhala pansi ngati banja, musadzasenze nokha.

Za mankhwala azitsamba amene akukuuzani kuti amatsuka machubu, ine ndikukana. Chatseka pamenepo ndi chipsera, ndipo chipsera sichisungunuka ndi chakumwa. Ngakhale mapiritsi a kuchipatala amangopha tizilombo ngati tilipo, satsegula chubu. Zoika kumusi ndiye musayerekeze n'komwe, zimangoonjezera matenda. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndalama zimathera kumeneko, zaka n'kumapita, chonsecho mayi akadutsa zaka 35 mazira amayamba kuchepa mphamvu. Kupemphera tipemphera limodzi, koma kuchipatala musasiye.

Chinanso, achimwene anga nawo akayezetse umuna. Ndiwauza ndekha ngati inu mukuchita manyazi. N'kosavuta komanso n'kotchipa poyerekeza ndi zanuzi, ndipo palibe nzeru kuti inu mung'ambidwe pamene mbali yawo sinaonedwe. Ngati apeza matenda mwa mmodzi, mankhwala mumwe nonse awiri. Ndipo amene angakutchuleni chumba pamudzipo, mumutumize kwa ine.

Pepala la sikani lija mulijambule munditumizire kumbali, osati m'gulu muno, pamodzi ndi tsiku limene akuuzani kuti mubwererenso. Ndikulemberani mafunso oti mukawafunse adokotala.