Tafunsani Azakhali: Ulendo wathu wa kunyanja wayamba kutigawa

Azakhali,

Ndine msungichuma wa gulu lathu kuno ku Chilomoni. Tidayamba ngati chipani chothandizana pamaliro ndi paukwati, mabanja 16 oyandikana nyumba. Kenako mnzathu wina adatiitanira kufamu ya amalume ake ku Mangochi, chakumsewu wa ku Monkey Bay, komwe kuli ng'ombe, mbuzi ndi tinyumba toyang'ana kunyanja. Kuyambira pamenepo timapitako chaka ndi chaka, kunyamuka Lachisanu n'kubwerako Lamulungu. Timagona pamatiresi ndi pamphasa, kuphika timaphika tokha. Pano zavuta. Basi yakwera mtengo. Achinyamata amene apeza ntchito zabwino akuti zakufamu n'zachikale, tizipita kuloji. Amayi ena akuti atopa n'kukaphikira gulu. Amayi awiri amasiye ndi abambo ena opuma pantchito andiuza pambali kuti chaka chino tisawawerengere. Tisinthe malo, kapena tingousiya ulendowu?

Msungichuma wothedwa nzeru, Chilomoni

Amsungichuma,

Ulendowu musausiye, ndipo kuloji musapite. Ndayamba ndi yankho kuti mudziwiretu mbali imene ndaima.

Anthu amene akukokerani pambali aja sakunena kuti nyanja yawakwana. Ndalama zawachepera, ndipo akuchita manyazi kunena zimenezi pamaso pa ana amene adawaona akukwawa. Komatu ulendowu eni ake enieni ndi omwewo. Mnyamata wa ntchito yabwino akafuna loji akhoza kuliza galimoto yake Loweruka lililonse, palibe angamuletse. Mayi wamasiye amene amakhala pabenchi ya tomato kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, nyanja amaiona kamodzi pachaka, ndipo amaiona chifukwa cha gulu lanulo. Mukasamukira kumalo amene iye sangakwanitse, ndiye kuti mwamuchotsa m'gulu popanda aliyense kuyimirira n'kunena kuti achoke. Gulu limene lidayamba n'kusenzerana maliro lisachite zoterozo.

Za ndalama tsono, poti ndiyo ntchito yanu. Kuti basi yakwera palibe angakutsutseni. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chiyambire pamenepo mafuta a galimoto, shuga, mafuta ophikira, zonse zakhala zikukwera. Cholakwika chimene magulu ambiri amachita n'kutolera ndalama yonse kutatsala milungu iwiri. Ndalama yotereyi imabwera ngati chigumula, wosauka sangaime. Igaweni m'miyezi. Kangachepe mwezi uliwonse, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, inu n'kumalemba m'buku tsiku lomwelo. Ndipo isakhale m'foni nthawi yaitali, chifukwa ndalama yongokhala masiku ano ikusungunuka. Chimanga gulani nthawi yokolola, cha m'ma Epulo ndi Meyi, chikadali chotsika mtengo, mupatse mmodzi wosamala asunge. Nyemba, mchere, shuga ndi mpunga muzigula pang'onopang'ono. Mwini basi mupanganeni msanga, mumpatse chikole, ndipo mulemberane papepala kuti mafuta akakwera kapena akasowa m'mafilingi siteshoni, udindo ndi wa yani. Mawu a pakamwa amaiwalika tsiku la ulendo.

Chachikulu n'chakuti musamasonkhe mofanana. Ndikudziwa kuti ena akwiya nazo, koma pamaliro paja simufunsa kuti uyu waponya zingati m'mbale. Ikani mlingo wapakati, amene angathe apitirire, amene sangathe abweretse chimene ali nacho: ndowa ya ufa, thumba la makala, nkhuku, kapena thobwa wa gulu lonse. Pamsonkhano muziwerenga ndalama zonse zimene zalowa ndi zimene zatuluka, malisiti ali patebulo, koma mayina a amene apereka zochepa akhale pakati pa inu ndi wapampando basi. Amasiye aja muwapitire kunyumba kwawo, osati pafoni. Mukawauze kuti mpando wawo m'basi ulipo, ndipo gulu likuwadalira pa chakutichakuti. Munthu amabwera momasuka akadziwa kuti akufunika.

Za amayi otopa ndi kuphika, ndili nawo limodzi ndi mtima wanga wonse. Ndidayendapo ndi gulu lina la kuno ku Blantyre kumalo ngati amenewa, ndipo chimene chidandiwawa ndi mayi wina wachikulire amene ndidakhala naye mpando umodzi pobwerera. Chitenje chake chinkanunkha utsi wokhawokha, m'maso muli psuu. Nditamufunsa ngati madzi anali ofunda, adandiyankha kuti iye madzi amene adakhudza ndi otsukira mapoto. Masiku onsewo adali kuseri kwa nyumba, pamafuwa, nsana ataulozetsa kunyanja. Abambo anali pansi pa mtengo ndi bawo. Umenewo si ulendo wopuma, n'kusamutsa khitchini ya ku Chilomoni kupita nayo kotentha.

Chitani chimodzi mwa ziwiri. Lembani magulu a ntchito musananyamuke, gulu lililonse likhale ndi abambo, amayi ndi achinyamata, ndipo aliyense aphike kamodzi kokha ulendo wonse. Bambo amene akuti satha kuvundula nsima ya anthu ambiri, angathe kupala mamba, kutunga madzi, kuyatsa mbaula ndi kutsuka mapoto. Apo ayi, pemphani eni famu akupezereni amayi awiri a m'mudzi momwemo, muwalipire bwino, ndalamayo ilowe m'bajeti ngati ya basi. Ine ndimakonda njira yoyambayo, chifukwa nkhani zokoma za gulu zimatuluka anthu akamasenda anyezi limodzi.

Ndipo ndiwo zisachokere zonse ku Blantyre m'makula bokosi. Loweruka kusanache, atsikire kudooko anthu atatu kapena anayi. Mudzaona mabwato amene adagona panyanja ndi nyale akubwerera, usipa ukuthiridwa m'mabeseni, wina ukuyanikidwa pathandala, amayi ogula atazungulira kale. Gulani pomwepo usipa wauwisi, utaka, kampango ngati wapezeka, chambo ngati thumba lalola. Mtengo kambiranani mwaulemu, koma musamukanikize msodzi ngati wakuberani, wachezera usiku wonse pamadzi.

Achinyamata aja musawaone ngati adani. Mukamvetsetsa, ambiri mwa iwo sakulira loji yeniyeniyo. Akudandaula chimbudzi chopanda chitseko, posambira, ndi potchajira foni. Zimenezi n'zomveka, ndipo nazonso agogo a m'gulu mwanu zikuwavuta, kungoti sanena. Auzeni kuti ndalama imene akadawonjezera pa loji aikepo pa zimenezi, mutagwirizana ndi eni malo: chimbudzi chabwino, kasola ka magetsi, thanki ya madzi, maneti. Zikatero mwayankha dandaulo lawo, komanso mwathokoza amalume aja m'njira yooneka, chifukwa kulandira mabanja 16 chaka ndi chaka si masewera. Udzu umapondedwa, madzi amatha, abusa a ng'ombe amasokonezeka pantchito. Pochoka musaiwale kangachepe kothokozera antchito a pafamupo.

Apatseninso achinyamatawo Loweruka masana kuti alikonze okha. Kuchokera chakumeneko Cape Maclear si kutali. Kuli Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha tinsomba ta mbuna ta mitundumitundu timene timakhala m'miyala. Kulinso manda a amishoni oyamba a Livingstonia, amene adafika kumeneko mu 1875 asanasamukire ku Bandawe, malungo atawasautsa. Ana athu amaloweza zimenezi pokonzekera mayeso, koma ambiri sadapondepo. Polowa pamalipiridwa, choncho afunsiretu mtengo.

Koma pulogalamu musaidzaze. Magulu ena amafika kunyanja ndi pepala la zochitika kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka usiku, malipoti, zisankho, maphunziro. Msonkhano wa gulu ukhale umodzi, ola limodzi, Loweruka madzulo mutadya. Nthawi yotsalayo anthu akhale, aone ng'ombe zikutsikira kukamwa, agone pamthunzi wa mlambe.

Lachisanu nyamukani dzuwa lisanafike paliwombo. Kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde, kukafika pa Boma la Mangochi ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo kufamuko mupitirirabe. Msewu wochoka ku Liwonde umadzaza njinga, akabaza, mbuzi ndi anthu oyenda pansi. Si msewu woyendapo ndi basi ya ana kutada.

Azakhali,

Gulu la kutchalitchi kwathu limapita kunyanja chaka chilichonse pa Tsiku la Anakubala. Chaka chatha mwana wanga adayamba kukodza magazi patapita nthawi tibwerereko. Adachira, koma ndili ndi mantha. Ndiwaletse ana kupita? Nanga mwezi wabwino ndi uti?

Nakubala, Bangwe

Mayi,

Pepani ndi zimene zidagwa mwanayo. Musawaletse, koma muwakonzekeretse. Chimene mwafotokozachi chikufanana ndi likodzo. Tizilombo take timakulira m'nkhono za m'madzi, zimene zimakonda madzi osaya, odekha, a m'mabango ndi m'maudzu, makamaka pafupi ndi pamene anthu ambiri amasamba ndi kuchapa. Timalowa pakhungu munthu ali m'madzi, ndipo zizindikiro zimachedwa kuoneka, n'chifukwa chake makolo ambiri salumikiza matendawa ndi ulendo uja. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena kutalika kwa munthu, choncho musamangogula n'kumwetsa mwana. Amagwira bwino tizilombo tikakhwima, patapita milungu 6 mpaka 8. Gulu lanu lizilemba tsiku limenelo pakalendala, onse amene adalowa m'madzi apite kuchipatala akaonedwe, ngakhale amene sakumva chilichonse.

Malungo ndiwo asakuiwalitseni. Kunyanja udzudzu ndi wochuluka kuposa kuno kumapiri. Aliyense anyamule neti yake ndi chingwe chomangira. Mwana akatentha thupi sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerako, kukayezetsa tsiku lomwelo. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira WaterGuard, ndipo Thanzi ORS asasowe m'chikwama. Kolera ya 2022 ndi 2023 idapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi lidali limodzi mwa maboma amene adavutika kwambiri. Mkaka wa pafamu uwire kaye usanamwedwe.

Chimene ndimaopa kuposa zonsezi ndi kumira. Ana a ku Bangwe sadakulire m'madzi ngati anzawo a m'mbali mwa nyanja, koma akawaona akudumpha amayesa n'zophweka. Ana akalowa m'madzi pakhale akuluakulu awiri amene ntchito yawo n'kuyang'ana basi, foni ili m'thumba, ndipo aziwerenga mitu polowa ndi potuluka. Funsani eni mudzi posambira pabwino, iwo ndiwo akudziwa pamene pamazama mwadzidzidzi ndi pamene ng'ona ndi mvuu zimabwera. Madzulo kukayamba mdima aliyense atuluke. M'boti musakwere popanda majekete oyandamitsa, ngakhale mwini boti aseke.

Za mwezi, 15 Okutobala ine sindiikonda. Kumatentha zedi, anthu amadzadza kunyanja, ndipo eni mabasi amadziwa kuti aliyense akuwafuna. Juni ndi Julayi kumawomba mwera, mafunde amakula ndipo usiku kumazizira. Novembala ndi Disembala boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane, ndiye chambo chimene mungachione nthawi imeneyo musachigule. Dzinja misewu ya fumbi yolowera m'mafamu imasanduka matope. Ine ndikadasankha kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, mwera utayamba kufatsa, kutentha kusanafike pachimake. Muimbirenso eni malo kufunsa za madzi, chifukwa mu 2024 nyanja idakwera mpaka kulowa m'malo ambiri ogona alendo ku Mangochi, ndipo mchenga umene mudausiya chaka china mwina simuupeza.

Azakhali,

Ine ndi anzanga tikufuna tikanyamule sipika yaikulu, mowa ndi nyama ya nkhumba yowotcha. Akuluakulu a gulu akukana. Kodi si ife tomwe tasonkha nawo?

Mnyamata wa ku Ndirande

Mwanawe,

Kusonkha mwasonkhadi, koma mudziwo si wanu. Anthu ambiri a m'midzi ya ku Mangochi ndi Asilamu. Antchito a pafamupo ndiwo adzatsuke waya wowotchera nyama uja mawa lake, ndipo mwina ndi mipeni yawo imene mudzabwereke. Nkhumba isiyeni ku Ndirande, idzakudikirani. Gulani mbuzi komweko, muwapemphe eni ake akuzingireni, onse adye nawo. Za mowa mverani zimene gulu lanu ndi eni malo agwirizana, koma amene wamwa asayandikire madzi kapena chiwongolero. Sipika tengani, muvine Loweruka madzulo, agogo nawonso amakonda kuvina. Ikakwana 10 koloko zimitsani, chifukwa phokoso limayenda patali pamwamba pa madzi, ndipo mawa lake abusa adzuka kusanache. Alongo anu akamadutsa m'mudzi kuchokera kosambira amange chitenje, inunso malaya avalidwe. M'mawa mukakumana ndi akuluakulu panjira ya kudooko, imani muwapatse moni, ndipo mukatha kunena kuti "Ajimwiche uli?" mudzaona nokha mmene adzakulandirireni chaka chamawa.