Mwana watengeka ndi zopenta ndi nyimbo za Bach: kodi zidzamudyetsa?

Mayi wina wa ku Matawale mu Zomba walemba za mwana wawo wamkazi wa Fomu 3: "Chipitireni ndi sukulu ku myuziyamu ya ku Chichiri, ali ndi kope lomwe amalembamo maganizo ake pa zithunzi zopenta. Bandulo yonse ikuthera pa nyimbo za Bach ndi Mozart. Bambo ake akufuna unamwino. Kodi zimenezi zidzamudyetsa?"

Amayi, kukonda pakokha sikudyetsa. Chomwe chandikopa m'kalata yanuyi ndi kopelo. Ana ambiri akabwerako ku Chichiri amangokumbukira basi ndi zomwe anadya panjira. Wanuyu wabwerako n'kukhala pansi kulemba. Pamenepo pali luso loti n'kuliweta.

Muuzeni kuti asamathamangire kulemba "chandisangalatsa". Ayambe ndi zomwe diso laona: kuwala kukuchokera mbali iti, munthu wojambulidwayo wagwira chiyani m'manja, mtundu womwe wachuluka ndi uti, ndipo ukadachotsedwa chithunzicho chikadasintha bwanji. Akamatero tsamba ndi tsamba, ndiye kuti akuphunzira ntchito yomwe osamalira zinthu za m'myuziyamu ndi aphunzitsi a zaluso amagwira. Chingerezi chake cha chimangirizo chidzakweranso, ndipo popanda kirediti ya Chingerezi pa MSCE ku yunivesite ya boma kulibe kolowera.

Za nyimbozo musadandaule kuti ndi zachizungu. Bach anali wantchito wa tchalitchi. Kuyambira 1723 ankaphunzitsa anyamata a kwaya ku Leipzig m'dziko la Germany ndi kukonza nyimbo za mapemphero a Lamulungu, monga achitira mphunzitsi wa kwaya kwanuko. Choncho mwanayo asamangomvera pafoni. Alowe kwaya, aidziwe do-re-mi yomwe imalembedwa pa bolodi ija, kenako apeze womuphunzitsa kuwerenga manotsi a pa mizere isanu ndi kugwira kiyibodi. Oimba bwino ndi ambiri m'mipingo mwathu, koma owerenga manotsi ndi owerengeka, ndipo ndi amene amaitanidwa kukaphunzitsa anzawo mpikisano ukayandikira.

Ndikadakonda aonenso zakwathu, chifukwa wodziwa za ku Ulaya zokha alibe chatsopano choti auze dziko. Ku Dedza kuli Chongoni, malo 127 a zojambula pamiyala omwe bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 2006. Zofiira anajambula Akafula, zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Ku Mua kuli Kungoni, yomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, komwe osema ndi openta aphunzira ntchito n'kumadya nayo. Ulendo umodzi wa patchuthi kumeneko ungamutsegule maso kuposa bandulo ya chaka chonse.

Sukulu ili pakhomo panu pomwepo. Yunivesite ya Malawi, yomwe tinazolowera kuti Chanco, imaphunzitsa zojambula, nyimbo ndi zisudzo. Nyumba yosungira zolemba zakale za boma ilinso mu Zomba momwemo. Ophunzira akamaonetsa ntchito zawo, apite akacheze nawo, awafunse kuti anzawo amene anamaliza ali kuti lero.

Tsono nkhawa ya bambo ake si yopanda pake. Ntchito za m'mamyuziyamu ndi zochepa kwambiri, ndipo wopenta wongodikira alendo odzaona phiri amagona ndi njala nyengo ya mvula. Amene akukhala bwino ndi ophatikiza: aphunzitsa kusekondale, ajambula zithunzi za m'mabuku a ana, akonza zotsatsa malonda pa kompyuta. Pachifukwa chimenechi, asataye Biology ndi masamu pano. Alembe MSCE makomo onse ali otsegula, kuti posankha maphunziro kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, adzasankhe ndi mapointi m'manja. Pakadali pano mugulireni mapensulo ndi mapepala, aziika zojambula zake mu faelo imodzi ndi kulemba deti pa chilichonse. Pakutha pa teremu, bambo ake akhale naye pansi aone faeloyo ndi lipoti la kusukulu limodzi.