Yankho kwa achemwali pa za katuni ya anthu a mafupa ija

Achemwali, mwaswera bwanji ku Kawale kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, ndiye ndati ndingolankhula, kulemba kungatalike. Amalume ndi azakhali muli pagulu pano, ndikalumpha mwambo penapake mundiwongole.

Mwati Tadala waonera katuni ya anthu a mafupa okhaokha, ndiye usiku wakana kugona, akufunsa ngati agogo nawonso adzazimirira kumene aliko poti m'nyumba mulibe chithunzi chawo. Mwafunsanso ngati si zausatana zimenezi, ndi kuti ineyo ndimakhulupirira chiyani.

Filimu imeneyo ndi Coco, inatuluka mu 2017, ya kampani ya Pixar. Ndinaionera ndi ana kuno ku Area 25, osati kamodzi, ndipo zausatana sindinazionemo. Anaitengera pa mwambo weniweni wa ku Mexico. Pa 1 ndi 2 Novembala mabanja kumeneko amayala tebulo m'nyumba n'kuikapo zithunzi za abale omwalira, makandulo, maluwa achikasu ndi chakudya chimene malemuwo ankakonda. Ena amakachezera kumanda usiku wonse. Ndi tsiku lomwelo la 2 Novembala limene ife Akatolika timapempherera omwalira, kungoti iwo anasakaniza ndi miyambo ya makolo awo.

Koma chimene chinandigwira ine si mafupawo, achemwali. Taonani mmene anajambulira dziko la akufalo. Pali chipata, pali mzere, pali ogwira ntchito ovala yunifomu, ndendende pa boda ya Mchinji. Ukafuna kukaona abale ako amoyo amayamba akuunika nkhope pa makina. Ngati kwanu anaika chithunzi chako, dutsa. Ngati sanaike, bwerera. Pasipoti yako ndi yakuti kodi alipo wokusamala? Ndiye pali woimba wotchuka uja, amene anapha mnzake ndi poizoni n'kumubera nyimbo. Kumenekonso akukhala m'chinyumba chachitali, maphwando tsiku ndi tsiku, mphatso za anthu omutama zili mulu. Pamene mwini nyimbo weniweni, bambo amene ankangofuna kubwerera kwa mwana wake, akuyenda ndi zovala zong'ambika, akukhala kunsi kuja m'zisakasa za matabwa pamodzi ndi oiwalika anzake.

Nditaona pamenepo mtima unathamangira ku Mtandire. Ukaima kumeneko umaona mipanda ya ku Area 47 ili apa pomwe, magetsi ali ngwee, kuno amayi ali pamzere wa madzi ndi zigubu. Ojambula aja anatenga dziko lathu lomweli n'kuliveka mafupa. Ndipo pali kagawo kena, mukaonere inu nokha. Mkulu wina wagona m'chisakasa chake, katundu wosweka wamuzungulira, wapempha kuti amuimbire nyimbo imodzi yokha. Nyimbo itatha, wangosungunuka ngati nkhungu, chipewa chokha chatsala. Palibenso munthu padziko womudziwa dzina. Ine ndinalira pamenepo, chifukwa ndinakumbukira anthu amene amatsala ku mochale popanda wowatenga.

Zotere kwathu si zachilendo. Zakudambwe sindilowamo, si zanga, amalume akudziwa bwino. Koma pabwalo tonse taona. Gule akatuluka pamaliro kapena pampalo timati mizimu yabwera, koma tamverani nyimbo zake: zikudzudzula waulesi, chidakwa, mwamuna wosasamala banja. Simoni wa nkhope yofiira uja akutikumbutsa za alendo amene anabwera ndi makhalidwe awo. Amaoneka ngati a kutsidya, koma uthenga ndi wa ife tatsala kuno. Katuni ija ndimaiona choncho.

Tsopano za chikhulupiriro changa, poti mwafunsa mosabisa. Pamenepa ine ndi filimuyo tikusiyana. Sindikhulupirira kuti moyo wa agogo ukulendewera pa chithunzi, kapena pa mutu wanga woiwalaiwalawu. Zikanakhala choncho, ndiye kuti wamasiye, wosabereka, khanda limene linaikidwa ndi amayi okhaokha m'mamawa, onsewo atayika, ndipo a mayina akuluakulu ndiwo akhala muyaya. Ayi, Mulungu wotero sindimudziwa. Mu Luka 16, pa fanizo la Lazaro, mwaonapo kuti wosauka wa zilonda uja ndiye watchulidwa dzina, wachuma uja dzina lake palibe? Kumeneko zinthu zimatembenuka. Ndimakhulupirira kuti agogo ali m'manja mwa Mulungu, amawadziwa ndi dzina lawo, ndipo tidzaonana. Ndikudziwa kuti kumpingo kwanu simupempherera omwalira monga ife, ndipo sindikufuna titsutsane pagulu pano. Pa mfundo yakuti Mulungu saiwala munthu, ndikhulupirira tili pamodzi.

Ndiye Tadala mumuuze zimenezo poyamba, mofatsa, ali pamiyendo panu: agogo sazimirira. Musamukalipire, musamuletse kufunsa. Mwana wa zaka 8 wofunsa za imfa si wolodzedwa, wangoyamba kuganiza.

Komabe funso lake landibaya, ndisaname. Chithunzi cha agogo chilipo, chili ndi ine. Ndachitulutsa m'sutikesi lero m'mawa, chinali m'kati mwa buku lanyimbo lakale lija. Avala chilundu cha maluwa ndi duku, akhala pampando kunja kwa nkhokwe ku Mitundu, manja ali pamaondo, osamwetulira, monga ankachitira akaona kamera. Ngodya imodzi inanyowapo, nkhope yayamba kuyera. Zaka zonsezi chili mumdima. Ana anga sadziwa kuti agogowa ankaumba miphika, kuti ankayenda pansi kukagulitsa kumsika mtolo uli pamutu kuti amayi alipire sukulu. Chisomo wanga amatchedwa Nabanda ngati iwo, koma sadziwa n'komwe kuti mfundayi anayamba kuitanidwa nayo ndani m'banja mwathu. Ndipo ulendo watha ndinapita kumudzi, mtanda wathabwa pamanda pawo unali utagwa, chiswe chadya, dzina silikuwerengeka. Adzukulu okha ndiwo anandilozera kuti ndi apa.

Loweruka ndipita nacho m'tauni akachikonze n'kuchikulitsa, ndisindikizitse zinayi, nyumba iliyonse chimodzi. Amalume, za chiliza zija tinaziyamba chaka chatha n'kuzisiya, tiuzeni tsiku loti tikumane mvula isanayambe, ine ndiyamba ndi matumba awiri a simenti. Azakhali, inu ndi amene munakhala nawo nthawi yaitali, mutijambulire mawu pagulu pano, ngakhale nyimbo imene ankaimba posinja, ana amve. Ndipo achemwali, Lamlungu tikaweruka kutchalitchi mubwere naye Tadala kuno, adzachigwire yekha chithunzicho.